Lipoti: Mleme wa ku Pemba ndi zimene chiwerengero cha 20,000 chikubisa

Lipotili ndalembera anzanga amene tili pa ntchito yoteteza nyama zakutchire, makamaka inu amene mumatumidwa kukawerenga nyama ndi kukakhala pansi ndi midzi. Nkhani yake ndi ya mleme waukulu wodya zipatso umene umapezeka pa chilumba cha Pemba chokha, ku Tanzania, umene akatswiri amautcha Pteropus voeltzkowi. M'misonkhano yathu nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri ngati ntchito imene inayenda bwino, ndipo inayendadi. Vuto n'lakuti imakambidwa mothamanga: mileme inatsala pang'ono kutha, anthu anaphunzitsidwa, mileme inachuluka, m'manja tiwombe. Ikakambidwa chonchi, munthu amachoka ndi nambala yokha, osadziwa kuti nambalayo inapezeka bwanji komanso kuti yatsamira pa mitengo ingati.

Chilumba ndi mleme wake

Pemba ili m'nyanja ya Indian Ocean, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera kugombe la Tanzania, kumpoto kwa chilumba cha Unguja, ndipo zilumba ziwirizi ndiye Zanzibar. Ndi chilumba cha zitunda ndi zigwa, cha mvula yambiri, chosakwana masikweya kilomita 1,000. Kalembera wa 2022 anapezako anthu opitirira 540,000, ambiri mwa iwo alimi ndi asodzi. Matauni ake ndi Chake Chake, Wete ndi Mkoani. Pakati pa Pemba ndi mtunda pali madzi akuya kwambiri, ndipo chilumbachi chakhala pachokha kwa zaka mamiliyoni. N'chifukwa chake chili ndi zamoyo zakezake, kuphatikizapo kadzidzi wamng'ono ndi njiwa yobiriwira zimene simungazipeze kwina.

Mlemewu unalembedwa m'mabuku a sayansi mu 1909 ndi Paul Matschie, amene anautcha dzina polemekeza mnzake wa ku Germany, Alfred Voeltzkow. Ukatambasula mapiko umafika mamita 1.6, pamene kulemera kwake ndi magalamu 400 mpaka 650. Ubweya wake ndi wofiira modera, nkhope ndi mapiko zakuda, mphuno yaitali, maso aakulu. Suli ngati timileme ta kudenga timene timayenda usiku pomvera kubwerera kwa mawu awo osamveka aja. Uwu umadalira maso ndi fungo. Mileme ya banja la Pteropus ndi ya pazilumba ndi ku Asia ndi Australia. Pa mtunda wa Africa palibe, ndipo zilumba za Pemba ndi Mafia ndiko kumathera kwake chakumadzulo.

Masana imagona m'magulu pa mitengo italiitali, pamtetete, osati m'mapanga. Munthu amadziwa kuti wafika pa chigono asanaione: phokoso la kukangana, kafungo kowawasa, ndi masamba othothoka kunsonga kwa nthambi. Dzuwa likatentha imadzikupiza ndi phiko limodzi. Kukamada imanyamuka motsatizana kupita kumene kuli mango, nkhuyu, mashelisheli (zipatso zazikulu zimene pa Chingerezi amati breadfruit), maluwa ndi masamba anthete.

Kadyedwe kake n'koyenera kukamvetsa, chifukwa ndi pamene pali phindu lake komanso mlandu wake. Mleme umaluma chipatso, n'kuchifinya ndi lilime kumwamba kwa m'kamwa, kumeza madzi ndi tinjere ting'onoting'ono, n'kulavula zotsalira zouma zophwatalala. Zolavulazi mumazipeza m'mawa pansi pa mtengo, ndipo kwa ife ndi umboni wa zomwe yadya usiku. Njere za nkhuyu zimadutsa m'mimba ola lisanakwane, n'kugwa mleme uli pa ulendo, kutali ndi mtengo umene zachokera. Chipatso chachikulu imachinyamula kukadyera kwina. Pa chilumba chopanda nyama zambiri zonyamula mbewu, ntchito imeneyi ilibe woigwira wina wofanana nawo. Koma mwini mango akaona zipatso zolumidwa kamodzi n'kutayidwa, za kufesa nkhalango sizimukhudza.

Chinthu china chimene chimalamulira nkhani yonseyi ndi kaberekedwe. Mleme waukazi umabereka mwana mmodzi pachaka, ndipo suyamba kubereka chaka chomwe wabadwa. Mwana amakhala atakakamira pachifuwa cha mayi kwa milungu ingapo. Ukaphedwa waukazi woyamwitsa, afa awiri. Nyama yobereka chonchi imatha msanga koma imabwerera pang'onopang'ono. Komanso ilibe kothawira. Mileme mamiliyoni imene imasonkhana ku Kasanka ku Zambia kuyambira Okutobala mpaka Disembala imachokera kutali ndipo imabwerera kutali. Ya ku Pemba ikasowa mtendere pa chilumba chake, mbali zonse ndi nyanja.

Mmene inathera

Nkhalango za Pemba zinayamba kugwa m'zaka za m'ma 1800, pamene mafumu a Chiarabu a ku Oman, makamaka Seyyid Said, analimbikitsa minda ya karafuu, mtengo wa timaluwa tonunkhiritsa zakudya, ndipo ankalima ndi akapolo. Namondwe atagwetsa minda ya ku Unguja mu 1872, Pemba ndiyo inasenza ulimiwu. Lero nkhalango yachilengedwe yatsala zigamba, zazikulu zake ndi Ngezi kumpoto chakumadzulo, ya mahekitala pafupifupi 1,440, ndi Msitu Mkuu.

Kudula mitengo kokha sikukanaugwetsa chonchi, poti mlemewu umadya bwino m'minda ya anthu. Chinawonjezera ndi ulenje. Ku Pemba mleme ndi ndiwo yokoma kuyambira kale, koma kale ankaukola ndi ndodo zazitali zomangirira minga kunsonga ndi misampha ina, ndipo munthu ankabwerako ndi yowerengeka. Zitabwera mfuti zomwaza zipolopolo, zinthu zinasintha. Mlenje safunikanso kudikira usiku pansi pa mtengo wa zipatso. Amangopita pa chigono masana, pamene mileme yathithikana pa nthambi imodzi. Kuwombera kamodzi kumagwetsa ingapo, kuvulaza ina yambiri imene imakafera kwina, ndipo gulu lonse limabalalika, mayi kusiya mwana.

Mu 1989 wofufuza wina, Ole Seehausen, atazungulira chilumbachi anaona mileme yosakwana khumi. Nkhani inamveka kutali. Mu 1996 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linauika pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'onong'ono kutheratu.

Manambala atatu

Pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri timapunthwa pofotokoza. Manambala amene amatchulidwa ndi atatu. Mu 1989, yosakwana khumi. Mu 1995, Abigail Entwistle ndi Nadia Corp anapeza pakati pa 4,600 ndi 5,500. Kenako kafukufuku amene bungwe loteteza zachilengedwe la Fauna & Flora International linalengeza mu 2008, amene Janine Robinson ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Oryx mu 2010, anapeza yosachepera 18,200 mpaka 22,100, ndipo anati mwina ingafike 35,600 poganizira kusiyana kwa njira zowerengera.

Kuchoka pa khumi kufika pa 5,000 m'zaka zisanu ndi chimodzi sikungatheke. Ngakhale gulu likanamawirikiza kawiri chaka chilichonse, zomwe nyama yobereka mwana mmodzi singachite, mileme khumi ikanangofika 640. Choncho nambala ya 1989 siinali chiwerengero cha mileme ya pa Pemba. Inali chiwerengero cha imene munthu mmodzi anaiona pa malo amene anauzidwa, pa nthawi imene mileme inali yochenjera ndi mfuti ndipo inkasamuka pafupipafupi. Izi sizikuchotsa ulemu wa ntchito yake. Zigono zakale zinalidi zopanda kanthu, anthu a m'midzi ankanenadi kuti mileme yatha, ndipo belu limene analiza ndilo linadzutsa aliyense. Koma ukaima pamaso pa anthu n'kunena kuti mileme inachoka pa khumi kufika pa zikwi makumi awiri, wanama ngakhale nambala iliyonse payokha ili yoona.

Kuchoka pa 5,000 kufika pa 20,000 ndi nkhani ina. Kuwirikiza kanayi m'zaka pafupifupi 13 kumafuna kuti gulu lizikula ndi 11 pa 100 iliyonse pachaka. Mleme wa mtunduwu ungathe kutero ngati sukuphedwa ndipo chakudya chilipo. Gawo lina la kukweraku linabwera chifukwa owerenga anadziwa zigono zambiri ndipo mileme inasiya kubisala, koma magulu a ku Pemba komweko amene ankawerenga chaka ndi chaka ankaona kukwera komweku. Ine ndimakhulupirira kuti kuchulukaku n'kwenikweni. IUCN inautsitsa mu 2004 kuchoka pa gulu la zotsala pang'onong'ono kutha kupita pa gulu la zomwe zili pachiopsezo, ndipo ndi pamene uli.

Chifukwa chake nambala imodzi imakhala ndi mapeto awiri otalikirana chonchi chimadziwika ndi aliyense amene anaimapo pansi pa mtengo ndi magalasi oonera patali. Gulu likakhala laling'ono ndipo mtengo uli poyera, mumawerenga umodziumodzi. Likakula, mumawerenga kachigawo kamodzi ka nthambi, tinene mileme makumi asanu, n'kuyerekeza kuti zigawo zotere zilipo zingati mumtengo wonse. Khosi limapweteka, dzuwa limalowa m'maso, imene ili kuseri kwa masamba simuiona, ndipo khwangwala akadutsa gulu limatekeseka, muyambirenso. Anthu awiri oima mbali ziwiri za mtengo womwewo amabweretsa manambala osiyana. Njira yachitatu ndi yodikira madzulo n'kuwerenga ikamanyamuka, anthu ataima mozungulira, aliyense ndi gawo lake la thambo. Imeneyi imagwira ndi yobisika ija, koma mdima ukakupezani isanathe kutuluka, mwataya. Gulu la Robinson linagwiritsa ntchito njira zonse zitatu. Nambala ya 35,600 inachokera pa kusiyana kwa njira zowerengera. Ndi nambala yoyerekeza, ndipo ndimadandaula ndikaiona italembedwa payokha pa zikwangwani ngati kuti wina anaiwerenga.

Zimene zinachitidwa

Ntchito inayamba cha m'ma 1995, Fauna & Flora International itagwirizana ndi nthambi ya boma la Zanzibar yoona za mbewu zamalonda, zipatso ndi nkhalango. Panalibe mpanda, panalibe asilikali olondera. Zigono zambiri zili kunja kwa nkhalango zotetezedwa, pafupi ndi midzi, choncho chilichonse chinayenera kudutsa mwa eni malo. Ogwira ntchito ankayenda m'midzi ndi m'masukulu, kukambirana ndi masheha, amene ndi atsogoleri a madera kumeneko, ndiponso ndi alenje enieniwo. Uthenga umene unagwira mtima sunali wa kufesa mbewu ayi. Unali wakuti mleme uwu kulibe kwina kulikonse padziko lapansi, ndi wa Pemba yokha. Anthu ambiri sankadziwa zimenezi. Ankaona ngati ndi mleme wamba umene uli paliponse.

Kuchokera pamenepo midzi inakhazikitsa makalabu oyang'anira zigono zawo, ndipo madera ena anaika malamulo awoawo oletsa kuwombera mileme ndi mfuti kapena kudula mitengo imene imagonamo. Onani kuti chimene chinaletsedwa kwambiri ndi mfuti pa chigono. Kudya mleme sikunatheretu pa chilumbachi. Ena a ife timafuna kuletsa zonse tsiku limodzi, koma pano anagwira pamene panali kutayika kwakukulu n'kusiya zinazo, ndipo mwina n'chifukwa chake malamulowo anamveredwa.

Panalinso thandizo limene palibe bungwe linalibweretsa. Zigono zambiri zazikulu zili m'manda akale. Ife a kuno izi sitifunika kufotokozeredwa: mukayenda m'chigawo chapakati, munda uli mbee mbali zonse, kachitsamba ka mitengo yachilengedwe kamene katsala ndi ka kumanda, poti nkhwangwa silowako mwachisawawa. Ku Pemba ndi chimodzimodzi. Mitengo italiitali inatsala pamene pagona makolo, phokoso ndi mfuti sizikuloledwa, ndipo mileme inadzipezera yokha malowo. Chigono chotchuka cha Kidike, kumpoto chakummawa kwa Chake Chake, chili pa manda otere. Pamagona mileme zikwi zingapo, anthu a m'deralo ndiwo amayang'anira, ndipo alendo amalipira kuti akaione. Ndalama zake zimathandiza mudzi, koma tisadzinamize: alendo ofika ku Pemba ndi ochepa poyerekeza ndi Unguja, ndipo zigono zina zambiri sizionako mlendo chaka chonse. Kumeneko mileme ikutetezedwa ndi ulemu wa manda ndi mawu a akuluakulu basi.

Pamene pali chiopsezo tsopano

Nambala imene ine ndimaiopa m'kafukufuku wa 2010 si 20,000 ija. Anapeza zigono 44 zokhala ndi mileme, koma zinayi zokha mwa izo zinali ndi mileme yofika 87 pa 100 iliyonse. Mu 1995 zinali chimodzimodzi: pafupifupi yonse inali pa malo khumi. Ndiye kuti pafupifupi mtundu wonse wa nyamayi, padziko lonse, wapachikika pa timagulu tinayi ta mitengo. Mkangano umodzi wa malo, mtsogoleri mmodzi watsopano amene sasamala, munthu mmodzi wogula matabwa, kapena mphepo yamkuntho usiku umodzi, zingathe kusokoneza gawo lalikulu la ntchito ya zaka makumi atatu. Kafukufukuyo anaonanso kuti kumene anthu amasokoneza chigono, mileme imachepa kapena kusamukiratu. Kusokoneza sikutanthauza mfuti yokha. Ndi moto wa m'munda pafupi, ana a malegeni, kudula mitengo yoyandikana nayo, ngakhale mlendo wowomba m'manja kuti iuluke ajambule chithunzi.

Chiopsezo chachiwiri chabadwa kuchokera m'kupambana komweku. Mileme 20,000 imadya kuposa 5,000, ndipo nkhalango sinakule nayo limodzi. Chakudya chowonjezeracho chikuchokera m'minda. Mlimi amene anavomera kuteteza nyama yotsala pang'ono kutha angafunse kuti, popeza yachuluka, pangano lija likadalipo bwanji?

Kumene funso limeneli limathera likapanda kuyankhidwa tinakuona ku Mauritius, chilumba china cha m'nyanja ya Indian Ocean. Mleme wa kumeneko, Pteropus niger, unatsitsidwa ndi IUCN mu 2013 kufika pa gulu lomweli limene uli wa ku Pemba. Alimi a mango ndi litchi anali akudandaula kale. Mu Novembala 2015 boma linatumiza asilikali a Special Mobile Force, ndipo mwa kuwerenga kwa boma lenilenilo anapha mileme 30,938, pa nyengo imene yaikazi inali ndi bere kapena ana. Mu 2016 anaphanso 7,380, ndipo anabwerezanso zaka zotsatira. Mu 2018 IUCN inaubweza pa gulu la zomwe zili pangozi yaikulu. Vincent Florens ndi Cláudia Baider atasanthula zokolola anapeza kuti kuphako sikunawonjezere phindu la alimi. Zipatso zambiri zimatayika ndi mphepo, mbalame, makoswe, ndi kupsera mumtengo wautali umene munthu sangakwere, koma mleme ndiwo umaoneka ndi kumveka usiku, ndiye mlandu wonse umagwera iwo. Kuchoka pa kutsitsidwa pa mndandanda kufika pa mfuti za boma panangodutsa zaka ziwiri.

Pemba si Mauritius. Kulibe minda ikuluikulu ya litchi yotumiza kunja, ndipo chitetezo chake chinachokera m'midzi, sichinagwe kuchokera ku likulu. Komatu zimenezi zili ndi mbali ziwiri. Chimene mudzi unapereka, mudzi womwewo ungachilande pa msonkhano umodzi, popanda nyuzipepala kulemba.

Zimene ndikuona kuti zichitike

Choyamba, zigono zinayi zija ziziwerengedwa pazokha, tsiku limodzi, ndi njira imodzi yosasinthasintha, kawiri pachaka: nyengo ya mango ndi nyengo imene zipatso zasowa. Kuwerenga tsiku limodzi n'kofunika chifukwa mileme imasamuka pakati pa zigono, ndipo mukawerenga Lolemba uku, Lachinayi uko, gulu lomwelo mumaliwerenga kawiri. Owerenga akhale a m'makalabu omwewo, ndipo pepala lililonse lizilemba dzina la njira imene yagwiritsidwa ntchito. Nambala yopanda njira yake sitingaifanizire ndi ya chaka china.

Pa chigono chilichonse chachikulu padziwike mwini nthaka, mwini mitengo, ndi amene ali ndi mawu pa mandawo, chifukwa nthawi zambiri ndi anthu atatu osiyana. Pangano likhale lolembedwa, ndipo lizikambidwanso mtsogoleri akasintha. Mitengo yogonamo ndi yokalamba. Yolowa m'malo mwake iyenera kudzalidwa m'mphepete mwa manda panopa, poti mtengo woti mleme ugonemo sukula m'zaka zisanu.

Koma ndalama zambiri, zikanakhala m'manja mwanga, ndikanaziika kwa alimi a zipatso madandaulo asanafike pa mkwiyo. Ntchito yake ndi yotopetsa koma si yovuta. Mumasankha mitengo ya mango, m'mawa uliwonse mlimi ndi wa kalabu amatola zonse zagwa pansi n'kuzigawa milu: za mano a mleme, zojompha mbalame, za makoswe, za mphutsi, zogwa ndi mphepo. Mano a mleme amasiya mabowo awiri ozama ndi mizere pakhungu, ndipo zolavula zija zimakhala pafupi. Mlimi akawerenga yekha milu imeneyi kwa nyengo yathunthu, zokambirana zimakhala za nambala imene waiona ndi maso ake. Mwina idzasonyeza kuti mileme ikuwononga kwambiri kuposa mmene ife oiteteza timafunira kuvomereza, ndipo tikonzekere kumva zimenezo. Kumene kuwonongako kuli kwakukulu, njira zodziwika ndi kutengulira mitengo kuti ikhale yaifupi, kuthyola zipatso zikangokhwima zisanapse, ndi kuphimba ndi ukonde. Ukondewo ukhale wa maso aang'ono oti chala sichilowa, woyera, womangidwa mokoka. Wa maso aakulu wolendewera, monga ukonde wakale wa usodzi umene anthu a pa chilumba amakhala nawo pafupi, umakola mileme m'mapiko ndipo imafa ndi ludzu dzuwa likatuluka. Mtengo wa mango wakale wotalika mamita khumi ndi asanu suphimbika ndi ukonde uliwonse, choncho kwa eni mitengo yotere kukambirana kuyambire pa kutengulira ndi pa amene adzalipire zokolola za zaka ziwiri zoyamba zimene mtengo wodulidwa nthambi umabereka pang'ono.